Mayi Amene Anadzagula Galimoto ya Bambo Anga

1

Dzina langa ndine Angella. Ndimaphunzitsa sitandade sikisi pa sukulu ina yoyandikana ndi esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ine sindipusitsidwa. Mwana akamandinamiza ndimamugwira asanamalize chiganizo. Luso limeneli ndinkayenda nalo mwamatama mpaka chaka chatha pamene linandigwetsa chagada anthu akuona.

Nkhani yake ndi ya galimoto ya malemu bambo anga, a Isake. Bambo anali dalaivala wa manijala wa esiteti, mzungu wina dzina lake Bwana Fraser. Pobwerera kwawo mu 1979, mzunguyo anawasiyira galimoto yake, Chevrolet Impala ya 1964 ya ku Amereka, yaitali, yobiriwira ngati tiyi wongophukira, chiwongolero kumanzere, zitseko ziwiri, denga lake la nsalu lopindikira kumbuyo. Bambo anaimangira shedi ya njerwa ife tikugonabe m'nyumba yofolera udzu. Loweruka lililonse ankailiza, kuiyendetsa mpaka pa Masambanjati n'kubwerera, ndipo sankalola munthu kusinthamo ngakhale bawuti imodzi. Akwati ankabwera kudzaipempha, iwo n'kukana. Ine ndemwe, mwana wawo mmodzi yekhayo, pa ukwati wanga ndinakwera pikapu ya esiteti yonunkha feteleza.

Amene ankaloledwa kutsegula boneti anali amuna anga okha, a Stafford, makaniko wa ku galaja ya esiteti. Kwawo ndi ku Balaka, koma monga mwa mwambo wathu anabwera kudzakhala kwathu chikamwini. Anamanga nyumba ya malata pa malo a mayi anga, a Zelipa, ndipo tinabereka ana awiri, Tamando ndi Debora. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinakhala nawo, munthu wosayankhulayankhula, woti ukamufunsa mafunso atatu amayankha limodzi.

Bambo atamwalira, abale awo anatenga njinga ndi wailesi. Galimoto anatisiyira, poti palibe akanakwanitsa mafuta ake. Malume anga a Goodson, eni mbumba, anagamula kuti igulitsidwe, ndipo ine ndinaijambula kuti ndiike pa Fesibuku.

"Mulembe kuti ili monga inachokera ku fakitale," anatero a Stafford. "Penti yomweyo, mipando yomweyo, injini yomweyo. Ogula galimoto zakale amafuna zimenezo."

Ndinaseka, chifukwa penti inali itazilala ndipo mipando inali ndi makwinya. Komabe ndinalemba monga ananenera.

2

Loweruka lina, chiperoni chikuwaza, pakhomo panaima galimoto yaing'ono yoyera. Munatsika mayi wachikaladi, wa zaka ngati makumi asanu koma wodzisamala, wonunkhira mafuta oti pa golosale za kuno simungawapeze. Anati dzina lake ndi Hazel ndipo ali ndi shopu yosoka makatani ku Limbe.

"Mwamva bwanji za galimotoyi?" ndinafunsa.

"Ndinaona pa Fesibuku," anayankha.

"Anamva kwa anzanga a ku Limbe," anatero a Stafford nthawi yomweyo.

Anayang'anizana kamodzi, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Ine ndinasunga kumtima.

Titatsegula shedi, mayiyo sanafunse za injini, za matayala kapena za bulu buku, monga ankachitira ogula ena. Anatsegula chitseko, n'kupinda mpando wakutsogolo ngati munthu wozolowera, n'kukhala kumbuyo. Anayamba kusisita kumsana kwa mpando wa dalaivala, pamene chikopa chinali chobookabooka m'mphepete, malo amene ine ndinkati anadya makoswe. Anakhala momwemo nthawi yaitali, maso ali tsinzi. Amuna anga anaima pambali chipewa chili m'manja, ngati ali m'tchalitchi.

Mayi anga anali pakhonde akusenda nandolo. Mayi ndi munthu wopatsa moni ngakhale wogulitsa makala, koma tsiku limenelo anatenga lichero lawo n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Ndinati mumtima, ngakhale mayi aona zimene ndaona ine.

"Mwaikonda?" ndinafunsa mayi uja atatuluka.

"Kwambiri. Koma chonde musasinthe chilichonse. Ndikuifuna momwe ilimu."

"Nanga mtengo?"

"Tikambirana. Ndibweranso."

Anabweradi, katatu konse. Ulendo uliwonse ankabwera ndi buledi ndi shuga za mayi anga, amene ankangomusuzumira pawindo, kenako ankakakhala kumpando wakumbuyo uja, a Stafford atatsamira chitseko, akuyankhula motsitsa mawu. Ine ndikayandikira nkhani inkasanduka ya mabuleki. Wogula wanji wobwera ndi shuga osabwera ndi mtengo?

3

Ndinayamba kufufuza, ndipo ofufuza sabwera chimanjamanja. A Stafford anapita ku Limbe kawiri akuti kukagula mapulagi, pamene mapulagi atsopano anali m'bokosi lawo la zitsulo osatsegula. M'foni mwawo ndinapeza nambala yolembedwa kuti "Fakitale" imene ankaiimbira tsiku ndi tsiku. Nditaiimba pa foni ya mnzanga, fakitaleyo inayankha ndi mawu achikazi kuti, "Hazel pano."

Kenako kunabwera mzungu wina wa ku Lilongwe wosonkhanitsa galimoto zakale. Anazungulira galimoto ija ngati mwana amene wapatsidwa switi, anagwada mpaka kusuzumira pansi, n'kutchula mtengo woti malume akanaumva akanavina tchopa. Ine nditapita kukamutengera madzi, pobwera ndinapeza akukwera galimoto yake nkhope itagwa.

"Bambo aja andiuza kuti inagulidwa kale," anatero.

Chomaliza anabwera nacho mphunzitsi mnzanga. Anati anawaona awiriwo mu lesitilanti ina ku Limbe, mayiyo akulira, amuna anga atamugwira dzanja. Ndinathokoza mnzangayo kuti wakutsina khutu ndi mnansi, kenako ndinathamangira kunyumba. Ndinawapeza kuseri akukonza njinga ya Debora.

"Bambo a Tamando, Fakitale ili bwanji?"

Anaika sipanala pansi. "Mwagwira foni yanga?"

"Ndagwira. Ndipo mzungu uja munam'bweza ndi mphamvu yanji? Galimoto ija ndi yanu? Mukufuna muipereke ulere kwa chibwenzi chanu kuti muzikayenda nayo ku Limbe denga lili pansi?"

"Mayi a Tamando, si chibwenzi changa."

"Ndiye ndi ndani wanu?"

Anapukuta manja pa kansanza. "Ndipatseni milungu iwiri. Pali amene ayenera kuyankhula, osati ine. Ndinalumbira."

"Munalumbira kwa ndani?"

Anatolanso sipanala n'kubwerera ku njinga ija. Mkwiyo unandikwera, chifukwa palibe chimene chimandinyansa ngati kukhala chete kwa munthu wolakwa. Milungu iwiri sindinawapatse. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga kwa ankhoswe.

4

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala Lamlungu titaweruka ku tchalitchi: malume a Goodson, nkhoswe ya a Stafford imene inachokera ku Balaka, mayi anga ndi ife awiri. Ndinayala umboni wanga mwadongosolo ngati phunziro la masamu, mapulagi, foni, mzungu, lesitilanti. Ndinaona nkhoswe yawo ikugwetsa nkhope, ine mtima n'kumakoma.

"Akamwini, mwamva," anatero malume. "Mayi wa ku Limbeyu ndi ndani?"

"Malume, zonse zimene anenazi zinachitikadi. Koma chigololo sindinachite."

"Ndiye tiuzeni chimene munachita."

"Sindingathe."

Malume anagogoda ndodo pansi. "Mkamwini asamakule mwendo. Inu munabwera pano ndi chikwama kudzakwatira, lero mukubweza ogula katundu wa eni ake, ndipo tikakufunsani mukuti simungathe? Pamudzi pano mwasanduka mwini ndinu?"

A Stafford sanayang'ane malume. Anatembenukira kwa mayi anga n'kuwayang'ana nthawi yaitali, chinthu choti mkamwini sachita kwa apongozi ake. Mayi anali atafunda chitenje mpaka kumutu, akutolatola timiyala pansi.

"Achemwali, inu mukuti bwanji?" malume anawafunsa.

"Ine ndilibe mawu," anatero mayi, mawu ake osamveka bwino.

"Angella, nanga iwe?"

"Anyamule zawo azipita," ndinatero. "Akayankhule ku fakitale."

Kwathu kuno mkamwini akachotsedwa amasiya zonse. Nyumba imene anaumba yekha njerwa zake, nthochi zimene anadzala, thanki ya madzi, zonse zimatsala kwa mkazi ndi ana. A Stafford anatuluka ndi chikwama chimodzi ndi bokosi la zitsulo. Debora anawakakamira mwendo akulira, iwo n'kumunyamula, kumunong'oneza, kumutsitsa. Pa geti anatembenuka.

"Chimodzi chokha, mayi a Tamando. Galimoto ija musaikhudze."

Tangoganizani. Munthu akusiya banja la zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mawu otsanzikira n'kukhala a galimoto. Kwa ine umenewo unali umboni womaliza.

5

Mawu amenewo ndi amene anandipatsa nzeru zoipa. Ngati awiriwo akuifuna momwe ilili, ndiye aipeze mwina. Komanso, ndinadziuza ndekha, ndani sadziwa kuti katundu wowala ndi amene amayenda malonda? Ngakhale wogulitsa tomato amayamba wamupukuta.

Ku Luchenza kuli bambo wina wowongola ndi kupenta magalimoto dzina lake a Benard. Anabwera kudzaitenga Lolemba m'mawa, ndipo mayi ndinawanamiza kuti ikukaonetsedwa kwa wogula. A Benard ataiona anaimba likhweru, n'kuyendetsa chikhatho pa boneti pang'onopang'ono.

"Madamu, penti iyi ndi ya ku fakitale. Sindinaionepo ina yotere. Mukutsimikiza?"

"Ndikufuna yofiira. Yofiira ngati tsabola. Mipando muchotse zikopa zakalezo muike rekisini wakuda."

"Ine ntchito ndikuifuna, koma ikanakhala yanga ndikanangoitsuka. Bambo akudziwa?"

"Bambo wake uti? Mwini wake ndine."

Anakweza mapewa n'kulandira makiyi. Patatha milungu iwiri galimoto inabwera ikung'anima moti ana a m'makomboni anaithamangira kuyambira ku fakitale ya tiyi mpaka pakhomo. Mayi ataiona anagwira chipilala cha khonde n'kukhala pansi mwapang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti akukumbukira bambo, ndipo ndinawatengera madzi akumwa.

Kenako ndinaimbira foni mayi wa ku Limbe uja ndi mawu a ulemu ngati a mkazi wa abusa. Ndinati abwere Loweruka tidzamalize malonda. Ndinaitananso malume ndi amayi awiri a ku tchalitchi, chifukwa manyazi amakoma pakakhala mboni.

6

Anafika cha m'ma teni koloko, buledi ndi shuga zili m'manja monga mwa masiku onse. Malume anali asanamuonepo, ndipo ndinaona akumuyang'anitsitsa, koma ine ndinali wotanganidwa ndi chiwonetsero changa. Ndinatsegula zitseko za shedi zonse ziwiri.

"Nayo galimoto yanu, mayi. Ndaikonza."

Jumbo ya shuga inagwa. Sanakuwe, sanandinyoze. Anapita pa galimoto, n'kupinda mpando, n'kupapasa kumsana kwake. Rekisini anali see.

"Chikopa chakale chija chili kuti?"

"Anatentha," ndinayankha. "Ngati mumatsata fungo la amuna anga, akupezeka m'makomboni a esiteti. Ndakusiyirani."

Anakhala pansi pa dothi lofiira ndi zovala zake zabwinozo. "Pamenepa panali mano anga," anatero. "Ndinali ndi zaka zinayi. Ndi chinthu chokhacho chimene ndimakumbukira, mpando wobiriwira ndi munthu wovala chipewa akuyendetsa akulira."

Ndisanamvetse, ndinamva mayi anga kumbuyo kwanga akulira m'Chilomwe, chiyankhulo chimene amangochigwiritsa ntchito pa maliro. Anandidutsa ngati sindilipo, n'kugwada pa dothi pomwepo.

"Eneless, mwana wanga. Dzuka pansipo. Ndine mayi ako."

Malume anavula chipewa. Amayi a ku tchalitchi aja anagwira pakamwa. Ine ndinatsamira galimoto yofiira ija.

Mayi anafotokoza ali chigwadire. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa Bwana Fraser, mkazi wa bwanayo ali kwawo. "Sindinafunsidwe," anatero, ndipo sanaonjezere. Mwana anabadwa, anamutcha Eneless. Bwanayo atatsala pang'ono kuchoka anati magazi ake sangakule akuthyola tiyi, n'kulamula kuti mwana akasiyidwe kwa mayi wina wa ku Limbe wolera ana otere, amene anamusintha dzina n'kumuuza kuti mayi ake anafa. Kumudzi anauzidwa kuti mwana wapita ku Ulaya, nkhani n'kukwiriridwa. Dalaivala amene anatumidwa ulendo umenewo anali bambo anga. Mwanayo analuma mpando njira yonse.

"Galimoto inali yowatsekera pakamwa bambo ako," anatero mayi. "Bambo ako anandikwatira pambuyo pake. Ankati tsiku lina mwanayu adzabwera, ndipo adzafuna chinthu choti achizindikire. N'chifukwa chake sankalola kusinthamo kanthu."

"Nanga a Stafford?" ndinafunsa.

"Bambo ako anawatuma ali m'chipatala, kuti akamufunefune Eneless. Atamupeza ndinawalumbiritsa ndine. Ndinati abwere ngati wogula, ndiyambe ndamuona, ndiyankhula ndikalimba mtima."

"Mayi, munali pompo pansi pa mapeyala. Anakuyang'anani."

"Ndinaona. Ndine wapampando wa amayi ku tchalitchi, Angella, ndinachita mantha. Ndinati ndiyankhula mawa. Mawa lake n'kumangosuntha."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndikanayambira pati? Iwo anangokhala chete. Wothamangitsa munthu ndinali ine.

7

Lamlungu lotsatira ine ndi malume tinanyamula tambala wopepesera n'kupita ku makomboni. A Stafford anapatsidwa kachipinda kamodzi kumapeto kwa mzere, moyang'anana ndi munda wa tiyi. Tinawapeza akuchapa okha ovolosi. Anatiyalira mphasa, malume anayankhula mawu onse oyenera, ndipo ine ndinagwada n'kulira, kulira kwenikweni kosafuna mboni.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa za ana, anafunsanso ngati apongozi awo ndi mwana wawo akumvana, ndipo atamva kuti inde anagwedeza mutu. Za penti malume atawauza anangotsinzina.

"Tambala ndalandira, malume, ndipo chakukhosi ndilibe," anatero. "Koma ndili ndi funso limodzi kwa mayi a Tamando. Amayi akanapanda kuyankhula, inu mukanabwera kuno?"

Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Zaka zonsezi sindinakunamizenipo. Ndinapempha milungu iwiri yokha. Ngati mawu anga amafunika mboni kuti mukhulupirire, ndiye kuti pakhomo paja ndinali mlendo nthawi yonseyi. Mukapeza yankho mudzandiuze."

Tinabwerera opanda iwo. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano. Mzungu wa ku Lilongwe nditamutumizira zithunzi zatsopano anayankha mawu awiri okha opepesa, ndipo galimoto ikadali m'shedi. Achemwali anga a Eneless amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo anandikhululukira msanga moti zimandipweteka. A Stafford amatenga ana Loweruka lililonse, amandipatsa moni waulemu pa geti, koma salowa.

Owerenga anzanga, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna kapena akazi anu. Achinyengo alipo ambiri, ndipo umboni wanga wonse unali woona, palibe chimene ndinapeka. Mapulagi analipodi, dzanja linagwiridwadi. Chimene sindinaike pa sikelo ndi munthuyo, amene ndinadya naye mbale imodzi zaka zonsezo osamugwirapo bodza. Ndinakhulupirira foni, mnzanga wa ku sukulu ndi nzeru zanga, ndipo iye yekhayo ndi amene ndinamumana milungu iwiri. Kuthamangitsa mkamwini n'kosavuta chifukwa mwambo uli kumbali yako, koma mwambowo sukuuza kuti ukamaliza ugona ndiwe m'nyumba imene anamanga.

Funso lawo lija ndayesa kulizemba m'njira zonse zimene mphunzitsi angazembere funso. Ndinakonza mayankho okoma, oti mtima wanga unkadziwa, oti ndikanabwerabe tsiku lina. Onsewo ndi mabodza, ndipo munthu uja bodza samuyenera. Lamlungu lino ndipita ndekha, popanda malume, popanda tambala, ndikawauze zoona: ayi, bambo a Tamando, sindikanabwera. Chimene akachite ndi yankho limenelo ndi chawo, ndipo ulendo uno wodikira ndikhala ine.